Mwendo wa Bambo a Lusungu

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, poti munthu wogona chokhala pamphasa pakati pa amayi a mpingo sagona tulo tenitenitu. Nyimbo zinali zitazilala. Amayi awiri okha ndi amene ankang'ung'udzabe pafupi ndi bokosi, ena onse atadzipinda m'zitenje. Mvula inkawaza patenti, ndipo kuseri kwa nyumba wina ankalimbana ndi nkhuni zonyowa. Utsi unkalowera pazenera.

M'bokosimo munali amuna anga, bambo a Lusungu. Anali dokotala wa maopaleshoni a mitsempha ya magazi, ndipo moyo wawo wonse anauthera pa funso limodzi, loti n'chifukwa chiyani mabala ena sapola. Ine ndine wa ku Ntcheu, mphunzitsi wopuma. Ku Nkhata Bay kuno tinkangobwera pa Khirisimasi, ndipo Chitonga changa chimathera pa moni ndi kutsitsa mtengo wa nsomba. Usiku wonse anthu anandipepesa m'chinenero chimene ndinkangotolamo mawu apa ndi apo. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Lusungu, ali kunja, ndipo sakanafika pa nthawi yake. Ndinali ndekha m'nyumba yodzaza anthu.

Kenako ndinamva makasu ndi mapiki akugundana panja. Adzukulu ankanyamuka kupita kumanda. Koma palibe amene anali atandifunsa pokumba.

Zaka zingapo zapitazo bambo a Lusungu anadulidwa mwendo wakumanzere, m'munsi mwa bondo. Anali shuga. Munthu amene ankachotsa mtsempha apa n'kukaulumikiza apo kuti magazi afike kuphazi kwa mnzake, phazi lake lomwe linamukanika. Kabala kake kanayamba ndi nsapato yatsopano. M'mawa uliwonse ankakayeza ndi karula kawo n'kukajambula, monga ankachitira ndi mabala a odwala awo. M'foni mwawo munali zithunzi za mabala zambiri kuposa za mwana wathu, moti ndinkawauza kuti mkazi mnzanga ndi bala. Iwo ankangoseka n'kunena kuti bala silinama, ngati magazi safikapo ungalipake chilichonse silipola. Lawo linawauza zoona, ndipo podula anasonyeza okha.

Miyendo yodulidwa kuchipatala imatenthedwa. Ankadziwa bwino, poti yambiri anaitumiza kumotoko okha. Koma wawo anati upite kwawo. Ndinaunyamula ine kuchokera ku Blantyre, m'kabokosi ka matabwa, ndipo tinakaukwirira ndi amalume awo kumapeto kwa manda a banja, patsinde pa mtengo wa mango. Tinali awiri basi, chifukwa eni mwendo sanafune chinamtindi cha anthu. Nditabwerera anandigwira dzanja pabedi pachipatala.

“Ndikadzafa mukandigoneke pomwepo, amake Lusungu. Ndikakhale wathunthu.”

Ndinawaseka kuti sukulu yonse ija yathera pamenepa, koma ndinalonjeza. Amalume aja anamwalira chaka chatha. Wodziwa malowo ndinatsala ndekha.

Ndinakodola alamu anga, a Esnati, mlongo wa malemu, amene anali pambali panga. Iwo anakaitana a Yotamu, mng'ono wa malemu, amene ankayendetsa zonse. A Yotamu anagwada pakhomo, jekete itanyowa.

“Alamu, takambirana kale. Agona pafupi ndi ada, bambo athu. Za mwendo zija n'zakale, musavutike nazo.”

Namfedwa satuluka m'nyumba mtembo usanatuluke, ndipo salankhula mokweza. Zimenezi ndimazidziwa, kwathunso n'chimodzimodzi. Koma mawu oti n'zakale aja anandipsetsa mtima. Kabokosi kaja ndinakanyamula pamiyendo panga m'basi tsiku lonse, kondakitala akundiuza kuti ndikaike kumbuyo ndi matumba a mbatata. Ndinaimirira, ndinaponda masilipasi a munthu wina pakhomo, ndinatuluka. Nyimbo ya amayi awiri aja inadukira pakati. A Esnati ananditsatira ndi ambulera, akung'ung'udza m'Chitonga, koma sanandibweze.

Manda a banjali ali pamtunda, kumtunda kwa njira ya ku Chikale. Tinafika kukuyera, nkhungu itaphimba zonse. Adzukulu anali atakumba kale kufika m'mawondo pafupi ndi chiliza cha apongozi anga. Ataona namfedwa kumanda nthawi imeneyo, anaimika makasu.

Ndinalunjika kumapeto kuja, koma mango panalibe. A Esnati anati mphepo inagwetsa mitengo iwiri chaka chatha, ndipo anyamata anaidula. Panatsala zitsa ziwiri m'udzu wofika m'chiuno, china kumtunda, china kumunsi pang'ono. Ine mutu wanga unkakumbukira mtengo umodzi. Ndinayang'ana ichi, ndinayang'ana icho. Amuna onse aja ankandiyang'ana ine, mvula ikuyenderera m'makosi mwawo. Ndikanati sindikudziwa, akanabwerera kudzenje lawo, ndipo sindikanakhalanso ndi pakamwa. Ndinaloza cha kumtunda.

“Ama, mwasimikiza?” anafunsa mkulu wa adzukulu.

“Ndi pano.”

Manda okumbidwa sasiyidwa apululu. Anadula thunthu la nthochi, analiponya m'dzenje loyamba lija n'kukwirira. A Yotamu anaima chapatali, manja kumbuyo, osandiyang'ana.

Nditabwerera pamphasa panga kunali kutacha. Moto kuseri unali utagwira tsopano, ndipo amayi ankakangana za ufa, woyera wa alendo ndi wa kondowole wa eni mudzi. Anthu anayamba kufika. Ena anakwera kuchokera kudoko ndi kumsika akununkhabe usipa, ena anatsika minibasi za ku Mzuzu ndi ku Chintheche. Magalimoto a madokotala ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe anatitimira m'matope kumunsi kwa chitunda, ndipo eni ake anafika atanyamula nsapato m'manja. Zimenezi zikanawaseketsa malemu mpaka kutsokomola.

Panali bambo wina amene anapinda thalauza mpaka m'ntchafu, akuonetsa aliyense chipsera chachitali chotsika mpaka kukakolo. Ankati mwendo umenewo anali atautsanzika kale, koma malemu anaupulumutsa. Panalinso mayi wina wa bala lomangidwa ndi chitenje, amene anamva kuti kubwera madokotala. Anakhala phee kuseri kwa tenti, mpaka dokotala wina wamkazi anapita kukamasula n'kuona. Ambiri mwa anthu amenewa sindinkawadziwa. Ankandigwira dzanja n'kupita, ndipo aliyense ankalira munthu wakewake.

Pamwambo, mnzawo wa kuntchito analankhula za kafukufuku wawo, za mabala a anthu a shuga, za njira zotsegulira mitsempha yotsekeka, za ophunzira amene tsopano akuchita okha maopaleshoni amene kale munthu ankapitira kunja. Analankhula bwino. Wa kubanja analankhula za kamnyamata kokana kupalasa bwato chifukwa cha mabuku. Palibe anatchula za munthu amene ankadzuka usiku kukanda phazi lomwe kulibe, n'kundifotokozera mwaukadaulo chifukwa chake likuyabwa, misozi ili m'maso. Ine khutu langa linali kumanda. Pamapeto pake a Esnati anandinong'oneza kuti adzukulu amaliza, sanapeze kanthu, koma ati dothi lofiira ndi chiswe sizisunga thabwa. Ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

Tikunyamuka mvula inakata, dzuwa linatuluka loswa mtengo. Njira inali yoterera, ndipo bokosi linkayenda kuchoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena, amuna akusinthana pa chitunda. Amayi a mvano anali patsogolo ndi nkhata zamaluwa. Kumunsi sitima inalira padoko, ndipo anthu ena kumbuyo anacheuka. Ine amayi ena anandigwira uku ndi uku ngati wodwala, chonsecho m'mawa njira yomweyo ndinakwera ndekha.

Anandikhazika pansi kumutu kwa manda. Anthu anadzaza paliponse, ndipo udzu wautali uja anaupondaponda mpaka unagona. Abusa akupemphera, ndinakweza maso. Pafupi ndi chitsa cha kumunsi, pomwe panaima a kwaya, panaonekera mwala wosweka pakati. Ndinaudziwa. Pamwala umenewo ndi pomwe amalume aja anakhala atatopa ndi kukumba, ndipo ine ndinaikapo kabokosi kaja podikira. M'mawa udzu unali utaubisa.

Bokosi linali litayamba kale kutsika ndi zingwe. Ndikanatha kukuwa. Ndinaganiza za thunthu la nthochi lija, za a Yotamu, za adzukulu amene manja awo anali atatuluka matuza chifukwa cha mawu anga, za gulu lonse lija. Mtsikana wina wa kwaya anaponda pamalo penipenipo, akusuntha phazi potsatira nyimbo. Apo m'pamene ndinalira, kulira kwenikweni kumene sikunabwere chimwalirire iwo. Amayi ondigwira aja anauzana kuti bola tsopano walira, zituluke. Sankadziwa kuti ndikulira manyazi. Munthu anandipempha chinthu chimodzi, ndipo ndinamuphonyetsa ndi mapazi ochepa chabe.

Madzulo anthu anabalalika msanga, poopa mvula ina. Tenti anaitsitsa, mabenchi a kutchalitchi anabwezedwa, ndipo kuseri kunatsala mafuwa akuda ndi agalu. M'chipinda chochezera mipando inali ikadali panja, moti mawu ankamveka ngati m'kalasi lopanda ana. Ndinakhala pamphasa pomwe panali bokosi. Lusungu anaimba foni, ndinamuuza kuti zonse zayenda bwino.

A Yotamu analowa n'kunena kuti mwambo wometa ukatha andipezera galimoto yopita ku Ntcheu, poti ankadziwa kuti kuno ndilibe wanga. Sananene mwankhanza, ndipo sananame. Atatuluka, a Esnati anabwera ndi tiyi, anakhala pambali panga.

“Yewu alamu. Poyamba ndinakwiya nanu, koma mwachita bwino. Achimwene agona athunthu.”

Ndinagwira kapu ija mpaka inayamba kundiotcha.

“Alamu,” ndinatero, “pachitsa cha kumunsi paja, pali mwala wosweka paja, musadzaikepo munthu wina.”

“Chifukwa?”

“M'panga. Mukadzandiike pamenepo.”

“Kodi si paja munkati inu zivute zitani mukagona kwanu ku Ntcheu, pafupi ndi amayi anu?”

“Ndinkatero.”

Anatola makapu n'kupita kukhitchini, ndipo ndinamva akutseka chitseko cha kuseri. Mvula inayambanso pamalata. Ndinakhalabe pamphasapo, nyale osayatsa.