Kumapeto kwa Benchi la ku Sikelo

Ine ndimakonza mainjini a maboti ku Kande, ndipo pagombe ponse palibe amene sadziwa kuti mtima wanga uli pafupi. Msodzi akandibweretsera injini yomwe wathiramo mafuta osakanikirana ndi madzi, ndimamuuza pamaso pa anthu kuti ndi chitsiru, kenako ndimamukonzera. Sindikunyadira. Ndikungofuna mudziwe munthu amene anaperekeza mkazi wake ku sikelo chaka chimene ndikukambachi.

Mkazi wanga anaima titakhala zaka zisanu ndi chimodzi osayembekezeranso kanthu. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa sitandade faifi. Pakati pa iyeyo ndi mimba iyi panali wina amene m'nyumba mwathu sitinkamutchula. Ameneyo anabadwa mwa opaleshoni kuchipatala chachikulu cha ku boma, ndipo sanalire. Ine sindinamuone. Kwathu kuno mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, amuna sayandikira. Chimene anandipatsa ine ndi beseni lobiriwira, m'kati muli zitenje zinayi zatsopano zosafunyulula, kuti ndibwerere nalo kunyumba. Ndinakwera nalo minibasi lili pamiyendo mpaka pa Kande. Kuyambira tsiku limenelo ndinadana nacho chipatala chija ngati kuti ndicho chinalakwa, moti atangondiuza kuti waima, mawu anga oyamba anali akuti, "Udzachirira pompano, pachipatala chathu chaching'onochi. Ku boma sitidzapondako."

Pa sikelo pali lamulo loti mayi amene wabwera ndi mwamuna wake ndiye amayamba kulowa. Analiika kuti ife amuna tizipita nawo, tikamve tokha zimene anamwino akunena. Ine ndinangoliona ngati njira yachidule. Ulendo woyamba tinafika pakhonde n'kupeza mabenchi atatu odzaza, ena atakhala pansi pazitenje. Namwino atafunsa kuti obwera ndi abambo ndani, ndinamugwira mkono mkazi wanga n'kudutsa naye pakati pa anthu onsewo ngati ndikupita kukalandira mphoto.

Mayi wina wamkulu thupi, wogulitsa usipa pa Chintheche, anayankhula mokweza kuti ndimve. "Dutsani, ada, dutsani. Athu ali panyanja kusaka ndiwo zimene mumadya inuyo."

Atatitenga magazi tonse awiri, namwino anandiuza kuti ndidikire panja pang'ono, amupime mayi. Nthawi imeneyo ndinaithera kwa mayi wa usipa uja. Ndinamuuza kuti lamulo sindinalembe ndine, ndipo ngati mwamuna wake ndi waulesi asakwiyire amuna a eni. Iye anandiyankha, ine ndinamuyankha, mpaka mlonda anabwera. Pamene mkazi wanga ankatuluka, buku lake la kuchipatala atalipinda m'chitenje, dzuwa linali lisanakwere n'komwe.

"Waona?" ndinatero panjira. "Ola limodzi lokha. Anzako aja adzatuluka madzulo."

Anangoti, "Ndaona."

Mwezi wotsatira ndinamufunsa kangapo za tsiku lobwerera, iye n'kumangoti adzandiuza. Lachiwiri lina m'mawa ndili pagombe, nditamasula kabuleta, mwini boti anati, "Ndakumana nawo alamu pamsewu, akupita ku sikelo. Lero mwawasiya okha?" Ine wokangana ndi anthu chifukwa cha iye, lero andichititse manyazi, anthu azinena kuti ndatopa naye? Ndinasiya sipanala pamchenga osasamba n'komwe m'manja. Panjira ponse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze.

Ndinadzera njira ya kuseri, yodutsa m'munda wa chinangwa, imene imatulukira kumbuyo kwa khonde. Khondelo lili ndi kakhoma kofika m'chifuwa, ndipo kunja kwake kuli mitengo ya maluwa yowirira. Ndisanazungulire ndinamva kuseka. Ndinaima. Kunali kuseka kwa mkazi wanga, kuja kokhala ngati akutsamwa, kumene ndinali nditaiwala kuti ali nako. Ndinasuzumira pakati pa masamba. Anali kumapeto kwenikweni kwa benchi lomaliza, ndipo mzere utasuntha iye anauza mayi wina wobwera pambuyo pake kuti, "Pitani patsogolo, ine sindikufulumira."

Pambali pake panali mdani wanga uja, mayi wa usipa. Mbali inayo kunali kamtsikana kakafupi, kowonda, mkazi wa wophika pa loji ina. Kwawo kunali ku Mulanje, ndipo chifukwa cha iye onse ankayankhula Chichewa, Chitonga chikungolowererapo apo ndi apo. Ndinanjuta kuseri kwa khoma. Ndinadziuza kuti ndikudikira kuti mtima utsike.

"Ine miyezi isanu yakwana," anatero mtsikanayo, "koma sindikumva kanthu. Anzanga akuti wawo akumenya ngati mpira. Ine mwina kamodzi patsiku, kanthu kongoti phiriphiri, ngati mpweya."

"Ndi yemweyo ameneyo," anatero mayi wa usipa. "Woyamba amayamba ngati kausipa m'beseni. Dikira mwezi wa mawa, udzachita kumupempha kuti agone. Ine uyu ndi wachisanu ndi chimodzi, akundiponda chikhodzodzo ngati ndinamulakwira."

"Komanso amayi anga atumiza mizu kuchokera kumudzi. Akuti matenda akadzayamba ndidzamwe kuti njira itseguke msanga."

"Taya m'chimbudzi," anatero mayi wa usipa, "uwauze kuti unamwa n'kunyambita kapu."

"Usawanamize amayi ako," anatero mkazi wanga. "Koma usamwe. Uwaonetse anamwino, akuuza okha."

Anakambirana za kutupa kwa miyendo, za kulakalaka dothi la chulu, za mapiritsi owonjezera magazi amene amachititsa nseru. Wina wa benchi lapatsogolo anatembenuka n'kunena kuti iye chimene chimamusowetsa tulo ndi chakuti matenda angadzayambe mwamuna ali panyanja, njinga yamoto isapezeke. Wina anati azamba a m'mudzi anali abwino chifukwa sankakalipa, mnzake n'kumufunsa kuti nanga magazi akakana kuleka azambawo amawagula kuti. Ine ndinali ndisanamvepo akazi akuyankhula chotere. Ndinkayesa pa mzere amangodandaula za dzuwa.

Kenako mtsikana uja anatsitsa mawu. "Chimene ndimaopa ine ndi mpeni. Akuti afupiafupi ngati ine amang'ambidwa."

Ndinamva chitenje chikumasulidwa.

"Taona," anatero mkazi wanga. "Ndi uwu mpeni ukuopawo. Gwira, usachite mantha. Akamachita sumva kanthu. Zimapweteka mawa lake, makamaka ukafuna kutsokomola. Koma mpeni si woopsa, mwanawe. Choopsa ndi kufika mochedwa."

"Mwana wake ndi uja amapita kusukuluyu?" anafunsa mtsikanayo.

"Ayi. Wa chipsera ichi sanakhale."

Kenako mayi wa usipa anafunsa, mawu ake atafewa moti sindikanamuzindikira. "Pepani, ama. Chinakuchedwetsani n'chiyani?"

"Msewu," anatero mkazi wanga. "Inali nthawi ya mvula."

Sinali nthawi ya mvula. Inali nthawi ya dzuwa, mango akuchita maluwa, msewu uli gwa. Anamwino anali atamuuza kale kuti mwana wagona chopingasa, apite msanga ku chidikiro cha ku boma, nyumba ija amayi amakhalamo podikira tsiku lawo. Amene anakana ndine. Ndinati mayi anga anabereka ana asanu ndi awiri osagonako kuchipatala, ndipo pakhomo sipangakhale mwezi wathunthu popanda mkazi. Tsiku limene matenda anayamba ndinali ku Sanga, ndikukonza injini. Uthenga unandipeza m'mawa, ine n'kunena kuti ndimalize kaye. Ndinamalizadi, injiniyo inalira bwino. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkakalipira chipatala, iye akumva, ndipo sanandiuzepo ngakhale kamodzi kuti bambo, si choncho. Lero, pakati pa akazi okhaokha, pamene akanatha kunditafuna mmene angafunire, anasankha kunamizira mvula.

"Ndiye uyu mudzachirira kuti?" anafunsa mtsikanayo.

"Anamwino analemba m'buku ulendo watha. Akuti ndi chipsera ichi pano sangandilandire, ndikadikirire ku boma mwezi usanakwane."

"Mwawauza abambo?"

"Ndiwauze bwanji? Kwathu ukangotchula boma, mbale zimanjenjemera. Bukuli ndimalibisa m'thumba la ufa."

"Amuna aja ndinawaona," anatero mayi wa usipa. "Pakamwa ngati wailesi ya m'basi. Mundibwereke tsiku limodzi, ndiwawongole."

Mkazi wanga anaseka pang'ono. "Si nkhanza, ama. Ndi mantha. Iwo aja sanamuone n'komwe mwanayo, anangowapatsa beseni. Mpaka lero lili kudenga kwa shedi yawo, zitenje zili momwemo. Amayesa sindidziwa. Ine ndili ndi benchi lino, ndimabwera n'kupepukidwa. Iwo alibe benchi."

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji nditanjuta pamenepo. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mayi wa usipa anaimirira kuti awongole msana, n'kutsamira kakhoma kaja, n'kuyang'ana pansi. Tinaphana maso.

"Ee! Amayi inu, khoma lino lamera makutu, opaka gilisi!"

Ndinadzuka, mawondo akulira. Khonde lonse linatembenuka. Mkazi wanga anagwira pakamwa, ndipo ndinaona dzanja lake lina likukankhira buku pansi pa ntchafu. Chimenecho chinandipweteka kuposa kuseka kwa anthu onse aja.

"Mwabwera kudzamalizitsa ndewu ija, ada?" anatero mayi wa usipa, manja ali m'chiuno.

Mawu onse amene ndinakonza panjira anali atathawa. Ndinangoti, "Ndabwera kudzadikira."

Nthawi yomweyo namwino anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati pali wina wobwera ndi abambo. Amayi angapo analoza ife. Mkazi wanga anayamba kusonkhanitsa chitenje chake kuti aimirire, osandiyang'ana.

"Khala," ndinamuuza. Kwa namwino ndinati, "Ife tilowa pa nthawi yathu."

Ndinapita kukakhala patali, patsinde pa mango, pomwe sindikanatha kumva zokamba zawo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Nyerere zinandiluma, njala inandipota, mwini boti anaimba foni kanayi ndipo kachinayi ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Nthawi ndi nthawi ndinkamva kuseka kuchokera pakhonde, ndipo ndikudziwa kuti kwina ankaseka ine.

Tinalowa omaliza. Namwino anali mayi wachikulire, wa ku Dedza, wotopa. Anayang'ana manja anga akuda n'kundilozera sopo. Nditasamba ndinatambasula dzanja kwa mkazi wanga. "Bukulo." Anazengereza, kenako anandipatsa. Linali ndi ufa wa kondowole m'mphepete. Ndinalipereka kwa namwino osalitsegula.

"Ku boma tidzapite liti?" ndinafunsa.

Namwino anayang'ana mkazi wanga, n'kuyang'ana ine, n'kutchula sabata. Kenako anatenga kachipangizo kawo kachitsulo kaja kokhala ngati kalipenga, n'kukaika pamimba, n'kumvetsera. "Akuti mumamva matenda a injini ndi khutu lokha," anatero. "Tabwerani mumve iyi."

Ndinawerama n'kuika khutu. Poyamba ndinkangomva magazi anga omwe. Namwino anandiuza kuti ndisiye kupuma ngati ng'ombe. Kenako ndinakamva kamtima ka mwana, patali, kofulumira kwambiri, kosadumphitsa.

"Kakuthamanga kwambiri," ndinatero. "Sikali bwino aka."

"Ndi mmene kamayendera. Musakagwire ndi sipanala."

Mkazi wanga anaseka mpaka mimba inagwedezeka, kachitsulo kaja n'kundimenya khutu.

Pobwerera sitinayankhulane zambiri. Pafupi ndi kunyumba ndinati, "Sinali nthawi ya mvula." Iye anayankha akuyendabe. "Ndikudziwa, bambo. Ndinalipo." Basi. Nkhani imeneyo sitinaikambenso, koma madzulo amenewo ndinakwera pa diramu n'kutsitsa beseni. Zitenje ziwiri zinali zitadyedwa ndi mbewa. Ziwiri zinazo anazichapa n'kuziyanika pachingwe, poyera.

Miyezi yotsala ndinkamuperekeza mpaka pamango paja n'kumusiya apite yekha pabenchi. Sabata itakwana ndinakamutula ku chidikiro ndi mkulu wake womuyang'anira, nkhuni, ufa ndi usipa wouma umene mayi uja anatipatsa n'kukana kuti tigule. Loweruka lililonse ndinkapitako. Ndinakanganabe ndi makondakitala chifukwa cha mitolo ya nkhuni, munthu sasintha zonse. Mtsikana wa ku Mulanje uja anachira bwinobwino pachipatala chathu chomwechi, mpeni osauona.

Wathu anabwera ndi mpeni, Lachinayi masana, ine ndili pabenchi la panja pa chipinda cha opaleshoni, manja osamba. Analira mokalipa moti mlamu wanga anati palibe chifukwa chofunsira kuti bambo wake ndani. Pobwerera beseni linakwera pamwamba pa katundu, lodzaza matewera. Pamiyendo panga panalibe malo, panali mwana.