Nsomba ya ku Tete mu Mtsuko wa Akulu Anga

Nsombayo ndinaigula ku Tete mwezi wa Junyu, ili m'kabotolo ka mayonezi. Inali yaimuna, yofiira, yotalika ngati chala changa chaching'ono. Wogulitsa anati mtundu wake ndi beta. Ndinagulira akulu anga a ku Tsangano, amene anali atangoferedwa amuna awo ndipo ankadandaula kuti m'nyumba mwangoti zii.

Ndisanakwere shapa, minibasi yopita ku Tsangano, ndinafunsa zonse n'kulemba m'kabuku, monga ndinazolowera kuntchito. Pafunika chotengera cha vinte litru, malita makumi awiri, choonekera m'kati. Chivundikiro chikhalepo chifukwa imadumpha, koma mpweya uzilowa poti imakwera pamwamba kudzapuma. Ikhale yokha, chifukwa zazimuna ziwiri zimaphana. Madzi akhale ofunda, madigiri vinte e seisi, ndiye kuti 26, kapena pafupi pamenepo. Akulu anga ndinawauza za kukula kwa chotengera ndi za chakudya. Za kufunda kwa madzi sindinatchule. Kwanga ku Tete madzi amafunda okha.

Nditaisiya kwa akulu anga, ndinapita ku Furancungo masiku awiri kukagwira ntchito, ndipo kumsika wa kumeneko ndinapeza ndowa yapulasitiki yoonekera m'kati. Nditabwerera ndinapeza botolo lija lili pathandala, lotsukidwa.

"Mana, nsomba ili kuti?" ndinafunsa akulu anga.

"Ili pabwino. Iwe, chamoyo n'kuchitsekera m'botolo ngati tsabola? Ndaipatsa mtsuko wa malemu alamu ako."

Mtsuko umenewo ndinkaudziwa. Unkakhala pakona yamdima, pamchenga wonyowa, ndipo alendo ankautama chifukwa madzi ake ankalowa m'mano ngakhale nthawi ya dzuwa. Kwathu mlendo wolemekezeka amapatsidwa madzi ozizira. Akulu anga anaipatsa nsombayo ulemu wonse umene anali nawo.

Ndinachotsa mbale yovundikira n'kuunika ndi foni. Inali pansi penipeni, itagona cham'mbali, zipsepse zitamatirana, kufiira kuja kutatuwa ngati phulusa. Ndinaviika termometro, choyezera kutentha, imene ndinagula pamodzi ndi chakudya chake. Katorze, madigiri 14 okha. Ndinaviikanso, poganiza kuti maso andinamiza. Katorze yemweyo.

"Yafa?" anafunsa, dzanja lili pakamwa.

"Ikupuma. Yazizidwa."

"Nsomba kuzizidwa? M'madzi?" Anasuzumira mumtsuko, kenaka anayang'ana ine. "Nanga bwanji sunanene?"

Ndinapita kukatenga ndowa.

Tinaisamutsira m'ndowa ija ndi madzi ake omwewo, n'kumathiramo ofunditsa pamoto, kapu imodzi n'kudikira, kapu ina n'kudikira, masana onse. Dzuwa litapendeka inadzuka, inakwera pamwamba n'kumeza mpweya. Ndowayo tinaikulunga ndi bulangete. M'mawa termometro inali itatsikanso pa dezasete, madigiri 17, nsomba ili pansi.

Ndinawafotokozera kuti pali kachipangizo kamagetsi kofunditsa madzi usana ndi usiku. Kunyumbako kuli kasola kakang'ono kotchajira foni basi.

"Ndiye kuti ndiziifunditsira madzi mpaka Setembru? Tsiku limene ndidzachedwe kumunda wa mbatatesi, ndapha." Anayang'ana m'ndowamo. "Ibwezere kwanu kotentha. M'nyumba muno mwatuluka kale maliro chaka chino."

Lachisanu ndinakwera shapa ndowa ili pakati pa miyendo, ndikuigwira ndi manja awiri pa dzenje lililonse. Patapita sabata imodzi ili ku Tete inayambanso kufiira. Akulu anga amaimba foni Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndipo asanafunse za ana amafunsa kuti madzi ali pa angati.