Ng'ombe Yanga ndi Buloko ya Injini

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene achimwene a Gelesomu anasiya kundilankhula. Tinkakhala m'mudzi wina pafupi ndi Sinda, ndipo iwo ankayendetsa galimoto yaing'ono yonyamula anthu kupita ku Katete. Galimotoyo inali yotopa. Anzawo ankawapitirira pamsewu akuliza hutala, n'kukatola anthu onse kutsogolo. Achimwene anatsimikiza mtima kuipangira injini yamphamvu, yoti wina asadzawapitirirenso. Mapisitoni ndi tizitsulo tina anali atasonkhanitsa kale. Chinatsala chinali buloko, chitsulo chachikulu chimene injini yonse imamangidwapo, ndipo mtengo wake unali wa ng'ombe yathunthu.

Ng'ombe za atate zinali zolimira, sizikanagulitsidwa. Yotsala inali yanga, imene amalume anandipatsa ili thole, ndipo nthawiyo inali ndi bere. Achimwene atapempha, atate anati, "Mwini wake si ine. Timutenge akaone chimene ukufuna kugulacho, akanene yekha."

Tinapita atatu ku Katete, kwa a Saidi, bambo wogulitsa zida za magalimoto owonongeka. Kunkatentha, ndipo pabwalo pawo pankanunkha oilo wakale. Anatisonyeza mabuloko awiri atakhazikidwa pa matayala. Ina inali yaing'ono, yotsika mtengo, yofanana ndi imene inali m'galimoto ya achimwene. Iwo sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada pa yaikuluyo, n'kuyendetsa chala m'mabowo a mapisitoni kufuna pokandika. Anaika rula yachitsulo pamwamba kuti aone ngati panapindika, kenako anaigogoda ndi sipanala. Inalira bwino ngati belu la kusukulu. Nkhope yawo inawala.

Anakanganirana mtengo kwa nthawi yaitali. A Saidi sanasunthe. Anati pali mnyamata wa ku Chipata amene akuifunanso, ndipo abwera mawa. Pomaliza anavomera kulandira ng'ombe.

Ine maso anga anali kwina. Kuseri kwa shedi kunali galimoto yofiira, denga lake litaphwanyika mpaka kukhudza mipando, kutsogolo kuli bowo pamene panali injini. Ndinafunsa ngati bulokoyo inachokera m'menemo.

"Eee, mwana wanga," anatero a Saidi. "Motoka inagubuduka, koma injini sinakhudzidwe."

"Nanga anthu?"

Anayang'ana atate kaye. "Ena sanapulumuke. Woyendetsayo ankathamanga kwambiri."

"Limenelo ndi vuto la dalaivala, si la chitsulo," anatero achimwene msangamsanga. Ndipo sankanama.

Atate anavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Misozi, tikumvere iwe."

Onse atatu anandiyang'ana. Achimwene, amene ankandibereka ndili wamng'ono, amene ankandigulira zitumbuwa Loweruka lililonse, anandigwira dzanja ndi manja awo akuda ndi oilo. Anati chaka chisanathe adzandigulira ng'ombe ziwiri. Ndinayang'ana atate kuti andithandize, koma iwo ankayang'ana pansi. Ndinaona kuti palibe amene andiyankhire.

"Ayi, achimwene," ndinatero. Mawuwo anatuluka pang'ono kwambiri moti a Saidi anandifunsanso, ndipo ndinabwereza.

Achimwene anasiya dzanja langa. Pobwerera anayendetsa mwaukali, galimoto yonse ikunjenjemera, mpaka atate anawagwira phewa.

Dzinja lonse linatha achimwene osandilankhula. Ndikawapatsa moni ankatembenukira kwina. Amayi ankati ndikapepese, ndipo kangapo konse ndinafuna kukawauza kuti atenge ng'ombeyo. Atate sanandiyamikire kapena kundidzudzula.

Thonje litagulitsidwa, achimwene anagwirizana ndi mnzawo n'kugula buloko ina yaikulu ku Chipata. Galimoto inakhaladi yaliwiro. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu inaima pambali panga, ndipo anatsegula chitseko. "Kwera," anatero. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka kunyumba, akundifunsa za mayeso. Nkhani ya ku Katete sitinaitchulenso.

Anaiyendetsa galimotoyo zaka zambiri ndipo sanachite nayo ngozi. Choncho sindinganene kuti ndinawapulumutsa, kapena kuti mantha anga anali olondola. Kwa nthawi yaitali ndinkawakwiyira atate pondisenzetsa katundu wotere ndili mwana. Lero ndikumvetsa chimene ankafuna. Anadziwa kuti mwana wamkazi adzapemphedwa zambiri m'moyo, kawirikawiri ndi anthu amene amawakonda, ndipo anafuna kuti ndiyambe kukana pamene iwo ali pambali panga. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti munthu ungakane m'bale wako, n'kupirira mkwiyo wake, ubale n'kukhalapobe.