Tsiku limene ndinakwawitsa alamu anga pabalaza pawo

Ndimakonza mawailesi, makanema ndi masipika pa kabenchi kanga ku Biwi, ndipo ntchitoyi sindinkachita nayo manyazi mpaka alamu anga, amuna a achemwali anga, atandinyoza nayo. Anali atangolowa nyumba yawo yatsopano ku Area 25. Nditapita kukawaona, ndinapeza anzawo a kuntchito atadzaza pabalaza. Mmodzi anafunsa kuti ndine yani, ndipo alamu anayankha osandiyang'ana n'komwe: "Ndi mnyamata wa mawailesi ameneyu. Apite kukhitchini akamwe tiyi." Munthu wa ana atatu ine, imvi zitayamba kale. Tiyiyo ndinamwa, koma anandikhala pakhosi miyezi yambiri.

Tsiku lina achemwali anandiimbira foni. Alamu anali atagula masabuwufa awiri, mabokosi akuluakulu aja otulutsa besi, mawu okhuthala amene amagunda pachifuwa poonera filimu. Analumikiza okha, poti iwo amadziwa zonse. Likamalira bokosi limodzi mawindo ankanjenjemera, koma akayatsa onse awiri besi inkathawa. Anzawo aja anali ataitanidwa kale kudzaonera filimu Loweruka masana. "Bwerani Loweruka m'mawa, achimwene," anatero achemwali, "bambo akunyumba kuno sakudya."

Ndinapita masana, dala. Minibasi ziwiri ndinazisiya zidutse kuti alendo ayambe afika.

Nditangosuzumira kuseri kwa mabokosiwo, vuto ndinaliona. Kumeneko kumakhala kaswichi kolembedwa 0 mbali ina, 180 mbali inayi. Bokosi lina linali pa 0, linzake pa 180. Zikatero, lina likamakankha mpweya linzake limakoka, ndiye mawu amafafanizana asanafike pa sofa. Inali ntchito ya chala chimodzi. Chalacho ndinachibweza m'thumba.

"Vuto ndi malo amene mwawaika," ndinatero. Silinali bodza lenileni, chifukwa onse awiri anawapanikiza pakona imodzi ngati matumba a chimanga. Ndinafotokoza m'mene timapezera malo abwino. Bokosi limodzi limaikidwa pa sofa, pamene mwini nyumba amakhala. Mumatsegula nyimbo ya besi yambiri, kenako munthu amakwawa m'mbali mwa zipupa khutu lili pafupi ndi pansi. Pamene besi yamveka yodzaza, yosagogoda mutu, ndi pamene bokosi likakhale.

"Ndiye kwawa," anatero alamu.

"Makutu anga anatha ndi ntchito, bwana," ndinayankha. "Nyumba ndi yanu, sofa ndi yanu, khutunso likhale lanu."

Mlendo wina wamagalasi anati njirayo ndi yoona, anaionapo pa intaneti. Mulungu amudalitse bambo ameneyo. Alamu anayang'ana anzawo, nayang'ana buluku lawo loyera, kenako anagwada.

Sindibisa, mtima wanga unayera. Anayambira pakhomo, mimba ikukhudza matailosi. Ine ndinali chilili ndi rimoti, kumangoti, "Tsitsani mutu, bwana. Bwererani pang'ono. Pamenepo mukumva bwanji?" Anzawo poyamba ankaseka chamumtima, koma alamu atalowetsa mutu kunsi kwa tebulo anaphulika nako kuseka. Malo oyamba anapezeka pafupi ndi windo. Ndinawakumbutsa kuti mabokosi ndi awiri, ndipo anazunguliranso kachiwiri, thukuta likudontha pachibwano.

Ntchito yotsalayo ndinaigwira moona mtima, chifukwa dzina langa ndimalisamala. Bokosi lina ndinaika pawindo paja, linzake pachipupa chakumbuyo. Ndinapotokola timabatani pa onse awiri kufika pa 80, kuti mawu a anthu asamatulukire m'menemo. Kenako ndinayeza mphamvu ya mawu ndi foni nditakhala pa sofa, bokosi lililonse palokha, mpaka zinafanana. Kaswichi kaja kokha sindinakakhudze.

Titayatsa onse awiri, besi inathawanso. Alamu anali atakhala pansi, mawondo a buluku atada bii, akupumira m'mwamba.

"Chonde, alamu," anatero motsitsa.

"Mwati yani? Ndati makutu anga anatha."

"Alamu anga," anabwereza mokweza. Kenako anatembenukira kwa anzawo: "Awa ndi achimwene awo a mayi akunyumba kuno."

Ndinapita kuseri kwa bokosi, n'kukankha kaswichi kaja ndi chala. Makapu a m'kabati anayamba kuvina, ndipo mlendo wamagalasi uja anadzigwira pachifuwa. Onse anaomba m'manja. Alamu anaombanso nawo, koma maso awo anali pa chala changa, ndipo ndinadziwa kuti aona kuchepa kwa ntchitoyo.

Achemwali anabwera ndi tiyi pa thireyi, m'kapu ya alendo, n'kundipatsira pabalaza pomwepo. Powerama anandinong'oneza: "Kaswichi kaja munakaona mutangolowa, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye kuwakwawitsa mpaka kawiri konse?"

Ndinangomwa tiyi wanga. Ena amati ndinaonjeza, ndipo mwina n'zoona, koma mpaka lero sindinapepese ndipo sindikuganizako. Ndinakhala pa sofa, pamalo a mwini nyumba pamene besi imamveka bwino, alamu ali chilili kufunafuna pokhala. Tiyi wa tsiku limenelo anatsika bwinobwino.