Mphaka wa Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga atamwalira anandisiyira sutikesi ya zovala ndi mphaka. Inali nthawi imene mafoni a m'manja anali atangoyamba kufala. Ine ndinkaphunzitsa sitandade folo pasukulu ina ya pulayimale, ndipo ndinkachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Biwi. Mphakayo sindinkamufuna. Anali wamphongo, wotuwa, wong'ambika khutu limodzi, ndipo miyezi yonse imene mng'ono wanga ankadwala ankagona kumiyendo kwake. Maliro atatha achibale anagawana katundu, koma mphaka palibe anamutchula.

Patapita zaka ziwiri anayamba kumwa madzi modabwitsa. Ndinkamupeza kubafa akunyambita pansi pa ndowa. Ankadya kwambiri koma akuwonderawondera, ndipo paliponse pamene wakodza pankadzaza nyerere. Amene anazindikira anali amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga, Asilamu a ku Mangochi, amene amuna awo ankakhoma zidebe ndi mbaula kumsika.

"Aphunzitsi, nyerere zotere ndinaziona kwa malemu bambo anga," anatero. "Ameneyu ali ndi shuga."

Ndinaseka. Koma Loweruka lotsatira ndinamuika m'katoni n'kukwera naye minibasi kupita kwa dokotala wa ziweto. Njira yonse analira, ndipo mayi wina anasamuka pampando umene ndinakhala.

Dokotalayo anamubaya pakhutu, anayeza kadontho ka magazi, n'kuvomereza zimene anzanga aja ananena. Kenako anatulutsa kabotolo ka insulini ndi jekeseni wa singano yopyapyala. Anandionetsa timizere ta pajekeseniyo.

"Timizere tiwiri m'mawa, tiwiri madzulo. Aziyamba wadya kaye. Akakana kudya musamubaye, Mayi, mukhoza kumupha. Mankhwalawa azikhala mufiriji."

Ine firiji ndinalibe. Amayi a ku Mangochi aja anali nayo yaing'ono imene ankaumitsiramo mafirizesi ogulitsa. Nditawapempha, anangolandira kabotoloko n'kukaika m'kapu yapulasitiki pakona. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagogoda pakhomo pawo kawiri pa tsiku. Anthu ena pamzere wathu wa nyumba anayamba kunong'ona kuti mphunzitsi uja akubaya mphaka jekeseni ngati munthu, payenera kuti pali china chake. Amayiwo sanandifunsepo kanthu.

Ndinaphunzira kutsina chikopa cha kumbuyo kwa khosi n'kulowetsa singano mwachangu iye ali kalikiliki ndi usipa. Mkute ndinamuletsa. Makina oyezera magazi ndinalibe, choncho ndinkayang'ana mbale ya madzi. Ndinailemba mzere ndi choko cha kusukulu, ndipo madzi akatsika kwambiri ndinkadziwa kuti shuga wakwera. Kwa miyezi ingapo zinthu zinayenda. Ubweya unabwerera, anayambanso kudumphira pazenera.

Tsiku lina m'mawa anangonunkhiza usipa, kudya tiwiri titatu, n'kuchokapo. Ndinali nditachedwa, ana anga a kusukulu anali ndi mayeso. Ndinadziuza kuti amaliza ndikachoka, ndipo ndinamubaya timizere tonse tiwiri.

Nditabwera masana ndinamupeza atagona cham'mbali pakhonde, miyendo ikunjenjemera, maso ali tong'o koma osandiona. Usipa unali momwe ndinausiyira. Ndinaitana amayi aja. Anabwera ndi shuga wosungunula m'kasupuni, n'kumupaka m'kamwa ndi chala pang'onopang'ono, ine nditamugwira mutu. Patapita nthawi anameza, kenako anadzutsa mutu.

"Wabwerera," anatero amayiwo. "Inunso khalani pansi."

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuopa jekeseni. Ndinkati ndikakoka mankhwala, dzanja linkaima pakamzere kamodzi. Shuga anakweranso, mbale inkauma isanakwane nthawi ya chakudya chamasana. Dokotala anandidzudzula kuti ndibwerere pa tiwiri. Ndinabwerera, ndipo patangotha sabata anafookanso, ngakhale kuti ulendo uno anali atadya bwinobwino. Tinayesa kamzere kamodzi ndi theka. Masiku ena ankakhala bwino, masiku ena ayi, popanda chimene ndasintha. Ndili m'kalasi, ndikulemba pabolodi, maganizo ankakhala pakhonde paja. Anayamba kuyenda chokhwekhwereza miyendo yakumbuyo, ndipo pazenera sanakwerenso.

Mlongo wanga wamkulu atabwera kudzandiona kuchokera ku Area 25, anandipeza ndikumubaya. Anayang'ana kwa nthawi ndithu.

"Achemwali, mwana uja anapita. Mphakayu sangamubweze."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Nanga mukudzizunziranji?"

Zoona zake n'zakuti pamene mng'ono wanga ankadwala, mankhwala amene akanamuthandiza anali asanafike kwa anthu ngati ife. Ndinkangomusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala. Kwa mphakayu kunali kabotolo, ndipo kabotoloko kanali m'manja mwanga. Zimenezi sindikanatha kuwafotokozera.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha, magetsi a dera lathu anazima masiku anayi. Mafirizesi onse anasungunuka. Amayi aja anakulunga kabotolo m'kansalu konyowa n'kukaika pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, koma tsiku lachinayi mankhwala anali atachita timibulu. Ndinapitiriza kumubaya omwewo podikira Loweruka kuti ndikagule ena, poganiza kuti akadali ndi mphamvu pang'ono. Lachinayi anasiya kudya. Lachisanu anayamba kusanza, ndipo m'kamwa mwake munkatuluka fungo lachilendo, ngati la zipatso zowola. Ndinapempha kusukulu n'kuthamangira naye kwa dokotala. Anamuika diripi, koma anandiuza mosabisa kuti tachedwa.

"Mukhoza kumusiya pano, kapena mupite naye kwanu," anatero.

Ndinapita naye kwathu. Ndinamuyalira chitenje pakhomo, pamene pankapita kamphepo, n'kukhala naye pansi. Ndinkamunyowetsa pakamwa ndi thonje. Anapuma movutika mpaka cha m'ma folo koloko, ana a sukulu akudutsa mumsewu, kenako anasiya.

Amuna a amayi aja atabwerako kumsika anabwereka khasu n'kukumba kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda wa udzu. Nthaka inali youma gwa, ndipo anatuluka thukuta kwambiri. Atakwirira anaikapo chidutswa cha lata ndi njerwa ziwiri kuti agalu asafukule.

"Pepani, Aphunzitsi," anatero, n'kupita kukasamba m'manja.

Mu Disembala mwini nyumba anafuna kuwonjezera chipinda mbali yomweyo imene tinakwirira mphaka. Ndinapempha amisiri kuti asunthe maziko pang'ono, koma anati chingwe chamangidwa kale. Tsiku limene ankakumba ndinapita kukakhala kwa mnzanga ku Kawale mpaka atamaliza.