Makutu a Aprofesa

Aprofesa a nyumba yapakona saonanso. Ng'ala inawatseka maso onse awiri. Amakhala pakhonde atapendeketsa mutu, ndipo ukangotsokomola pageti, amakutchula dzina. Moyo wawo wonse ankatsata apusi m'nkhalango, kufufuza zomwe amadya ndi momwe amalerera ana. Amakonda kunena kuti nkhope imabisala m'masamba, koma mawu sabisala.

Pa 9 Okutobala chaka chatha, wophunzira wawo wakale anafika ali khuma. Moto unali utawononga nkhalango, ndipo gulu la apusi lomwe aprofesa anakalamba nalo silinkaonekanso. Anangobweretsa mawu ojambulidwa ndi kamakina komwe anapachika mumtengo, kutsidya kwa mtsinje.

"Mwina ndi gulu lina ili, mayi," anatero. "Athu aja anapsa."

"Iwe, usandiikire maliro ndisanamve. Tsegula."

Kunamveka mphepo, mbalame, kenako kukuwa kosasa mawu.

"Bwereza."

Anabwereza.

"Nkhalamba yanga ya m'gulu lija iyo! Ndipo akulira pambali pakeyo ndi khanda. Anawoloka, mwanawe."

Wophunzira uja, bambo wamkulu ndithu, anangokhala pansi pasimenti, misozi ili mbwembwembwe.

"Ukulira chiyani?" anatero aprofesa. "Nyamuka, ukaone kuti akudya chiyani kumeneko."