Tsiku Limene Ndinapulumutsa Mdzukulu ku Yunivesite

Ndiyambe ndi kuulula, bodza libwera pambuyo. Mpaka imvi kundimera, ine ndinkakhulupirira kuti ng'oma ikati zii pakati pa gule ndiye kuti woimbayo waiwala, apo ayi chikopa chang'ambika. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye panalibe wondiuza kuti kuli ana amene makolo amawalipirira fizi kuti akaphunzire kukhala chete.

Kwathu kuno ku Golomoti lamulo lake n'lakale: ng'oma siifera pabwalo anthu akuona. Mnzako manja akamuthawa, iwe amene uli pafupi umailandira msangamsanga, amayi ovina asanazindikire. Sufunsa. Ukati ufunse, ziuno zazizira kale. Ine ng'oma ya mbalule ndaimba m'maukwati kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndalandirapo ng'oma za oledzera, za otopa, ngakhale za ena ongoona apongozi awo akutulukira.

Tsono mdzukulu wanga, amene ndimamuseka kuti ndi mkazi wanga wamng'ono, anapita ku yunivesite kukaphunzira zoimbaimba. Chaka chake chomaliza anatiimbira foni kuti kuli chikondwerero cha magulu oimba ng'oma ndi zogogodagogoda zamakono. Iyenso anali atapeka nyimbo yake, ndipo aphunzitsi adzamupatsira pomwepo mamalikisi. Ikalakwika, abwereza chaka. Anatipezeranso malo, ine ndi alamu anga oimba ng'oma ya mpanje, kuti madzulo ake tikaonetse za kumudzi. Akazi anga anati atsagana nafe, ati kukaona mwana. Pano ndikudziwa kuti ankapita kukalondera ine.

Mbalule yanga inazizidwa m'minibasi, ndiye titafika ndinanyengerera amayi ophika kuseri kwa holo kuti ndiiwambe pa mbaula yawo. Inakoka bwino. Ndinalowa nayo m'holo n'kuikhazika pamiyendo ngati khanda.

Gulu loyamba linabwera ndi zitsulo za galimoto ndi beseni la madzi. Wina akugogoda, wina akukhuthula madzi, wina akung'amba nyuzipepala pang'onopang'ono, nkhope ili gwa ngati ali pamaliro.

"Alamu, ayamba kapena akukonza kaye?" ndinanong'ona.

"Akutsuka ziwiya," anatero alamu. "Akamaliza aimba."

Anthu anaomba m'manja. Kunali kutha kumeneko.

Kenako anakwera mdzukulu wanga ndi anzake. Anamanga zitini pachingwe, napachika makasu akutha, wina atanyamula lichero la mpunga, kumbuyo kuli ng'oma zikuluzikulu za mamiyendo. Izi zokha zinandigwira. Zitini zinayamba, makasu n'kuyankha, ng'oma zikubwera pansipansi mpaka holo yonse kunjenjemera. Zitafika pokoma penipeni, zii.

Mwana waima, manja m'mwamba, maso watseka, milomo ikugwedera. Anzake angoti maso papepala. Wina kumbuyo anatsokomola.

"Alamu, mwana waiwala."

"Waiwaladi. Taonani milomoyo, akupemphera."

Akazi anga anagwira malaya anga, koma anagwira malaya okha. Ndinali nditaimirira kale, mbalule ili pakati pa miyendo. Ndinailandira. Alamu ndi munthu wokhulupirika, anandithira mpanje pambuyo. Ana ena a kumbuyo anadzuka n'kuyamba kudula chiuno, mmodzi wa amayi ophika aja analowa ndi nthungululu, chipande chili m'manja. Mumtima ndinati banja ndalichotsa manyazi.

Mdzukulu anatsekula maso n'kundiyang'ana. Mayang'anidwe amenewo ndimawadziwa, anatengera agogo ake aakazi. Ng'oma ndinaileka pomwepo.

Panja anandipeza ndikupukuta thukuta.

"Agogo, mwandichita chiyani?"

"Ndakupulumutsa, mkazi wanga wamng'ono. Zothokoza usavutike nazo."

"Ndimawerengatu ine. Chete ameneyo ndinachita kulemba, ali papepala." Misozi inali itayamba. "Simukumbukira mukundituma kukaingitsa mbalame kumpunga ku Bwanje? Ukakoka chingwe zitini zimalira, mpheta n'kuthawa, kenako munda wonse umangoti zii. Nyimbo yonseyi ndinapekera pamenepo."

"Nanga osaika chikwangwani bwanji?" ndinatero. Palibe anaseka, ngakhale alamu, amene amaseka ndi pamilandu pomwe.

Akazi anga anakonza chitenje, napita okha kwa mphunzitsi wamkulu, bambo wadazi wolankhula motsitsa. Ine ndinamvera patali.

"Bambo, mwanayu alibe mlandu. Vuto ndi katundu amene tabwera nayeyu. Kunyumba timamudziwa, koma kuno tinaiwala kuchenjeza."

Mphunzitsiyo anaganiza nthawi yaitali, akuyang'ana ine, akuyang'ana ng'oma. Anavomera kuti mwana abwereze tikatha kudya, koma mbalule ndi mpanje zikatsekeredwe mu ofesi. Akazi anga anawonjezapo lawo lamulo: manja anga ndiwakhalire.

Ndinawakhaliradi. Zitini zinalira, makasu anayankha, ng'oma zinakwera, kenako zii uja anabweranso. Abale, chete ndi wautali ukamamuyembekeza kuti athe. Zala zinkandiyabwa pansi pa ntchafu. Koma pokhala kuti ndinalibe chochita, ndinamvera. Khasu lomaliza linali likulirabe chapansipansi, kumka lizilala. Timbewu ta mpunga tinkagwa m'lichero kamodzikamodzi. Mimba ya alamu nayo inaikapo mawu ake, chifukwa masana kunali nyemba. Kenako chitini chimodzi chinati ngwe, ngati kambalame kolimba mtima kabwerera kudzaona ngati mlonda wagona. Ndisaname, munda ndinauona, ndi matope ake omwe.

Anthu anaimirira. Bambo wadazi uja anagwedeza mutu, ndipo dzuwa lisanalowe anamuuza mwana kuti wakhoza. Mdzukulu anabwera kudzandipatsa moni ndi dzanja limodzi, lina atagwira agogo ake aakazi. Ng'oma zathu anatibwezera, tinaimba za kumudzi, ndipo palibe anatilandira ng'oma.

Tinagona kwa achibale m'tauni momwemo. Nditagona chagada ndinati ndiyeseko mwayi.

"Komatu mayi, anthu aja anavina."

Akazi anga anatembenukira kukhoma, nakoka bulangete lonse.

"Inu bambo, chikwatiraneni ndakhala ndikukupemphani pakamwa kuti mukhaleko chete, osatheka. Mwana wachita kukulemberani papepala, mwalepheranso. Tikafika kumudzi mugwire tambala wanu uja, mukapepese naye kwa mwanayo. Ndipo pomupereka ndikalankhula ndine."